Dzina la amayi tililembe bwanji?

Leicester, mwezi wa Novembala

Achemwali,

Ine ndilipo, kungoti chisanu chayamba ndipo mawondo akundikumbutsa zaka zanga. Ikamati 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale, magetsi a mumsewu atayaka, munthu n'kumadya chamadzulo mtima ukukana kuti nthawi yakwana. Mdima umenewu ukafika ndimadziwa kuti kwathu ku Mvera mitambo yayamba kuunjikana cha kunyanja, mizere munamaliza, mbewu zili m'chitini, aliyense maso ali kumwamba. Ngati yagwa kale mundiuze. Mundiuzenso ngati masuku a kuphiri kuja akadalipo, kapena owotcha makala anaimaliza mitengo ija.

Za mlendo amene talandira munamva kale pa foni. Mpongozi wathu anachira bwinobwino, mwana ndi wamkazi, wa tsitsi lambiri ndi mawu aakulu. Ndasankha kulemba chifukwa nkhani imene ndili nayo ndi ya zilembo, yofunika kuona ndi maso, ndipo pa foni mumadziwa mmene zimakhalira: netiweki idule, ana alowerere, alamu afunse za mankhwala awo a msana, nkhani n'kuthera m'malere. Mdzukulu wanu akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo pamene pali mayina akuonetseni ndi chala.

Mnyamata wanga anabwera kunyumba mwana atangobadwa, nakhala pansi monga ndinamuphunzitsira, n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka chija kuti, "Ababa, dzina mupereke ndinu." Sindinachedwe. Ndinati Esinati. Iye anavomera, mkazi wake anavomera, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yatha. Mawa lake foni inalira. Akuti, tililemba bwanji?

Kuno kulibe chikuta, achemwali. Mayi amachira lero, mawa kapena mkuja ali kunyumba, alendo akumunyamula mwana mchombo usanagwe. Chimene chilipo ndi lamulo: mwana wobadwira ku England ayenera kulembetsedwa ku boma pasanathe masiku 42, ndipo zilembo zimene mlembi alowetse m'kompyuta tsiku limenelo ndi zomwe zidzapite pa pasipoti, kusukulu, kuchipatala, kubanki, mpaka pamwala wa pamanda. Masiku akutha, ndipo pa gulu la banja la pa WhatsApp lija pabuka maganizo ochuluka kuposa anthu amene alipo.

Inu munanena kuti dzinali ndi lachikalekale, mwana adzatidandaula. Ndinamva, ndipo sindinakwiye. Koma mudziwe kuti kuno chimene chawakopa ndi ukale womwewo. Azungu atopa ndi mayina atsopano, abwerera ku mayina a agogo a agogo awo. Mukapita pa sukulu ya mkaka mumva aphunzitsi akuitana Ivy, Elsie, Florence, Mabel, Edith, tiana tovala matewera. Ine ndikamva ndimaseka ndekha, chifukwa m'makutu mwanga ndikumva Elise, Folorensi, Mebulo, Idesi, amayi a mvano a kwathu aja, mipango kumutu, mabuku a nyimbo m'manja. Mayina amene ife tikuwathawa poti ndi a nkhalamba, eni ake awatola n'kuwapukuta. Pamene kwathu ndikumva kuti m'mudzi mwadzaza a Favour, a Miracle ndi a Shantel. Sindikunyoza. A Tadala, a Takondwa ndi a Chisomo ndimawakonda kwambiri, ndipo ndi bwino kuti tinasiya kusenzetsa ana mayina onga Maliro, Manda ndi Nditani, amene makolo ankatcha chifukwa cha misozi ya ana omwalira motsatizana. Koma pakati pa mayina a misozi aja ndi a masiku ano pali m'badwo wathunthu wa mayina a m'mabuku a ubatizo, a Enelesi, a Malita, a Dolesi, a Esitele, a Feliya, ndipo amenewa akutha mwakachetechete limodzi ndi eni ake. Palibe amene akuwalira.

Chodabwitsa n'chakuti dzina la amayi ine ndinalimva kawirikawiri ndili kunja kuposa ndili kwathu. Pamudzi ndani akanawatchula? Abambo ankati "anaPhiri". Anansi ankati amake a uje, kutchula inu poti ndinu oyamba. Ife tikanayerekeza kulitulutsa pakamwa, tsiku limenelo nsima tikanaimvera fungo. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankalitchula mopanda mantha, mnzawo uja anavinidwa naye limodzi, wa kutsidya kwa dambo. Amaima pa chulu paja ndi mtsuko pamutu n'kukuwa kuti, "Esinaaati! Tiyeni madzi asanavunduke!" Amakoka pa "na" paja mpaka agalu kuuwa. Amayi amatuluka m'khitchini akupukuta manja pa chitenje, akung'ung'udza kuti munthu ameneyu sadzakula, koma nkhope ikuseka. Ndikamati Esinati ndimamva mawu amenewo.

Amayi sankalemba, mukudziwa. Ndinawaperekezapo kumsika wa boma kukagulitsa mtedza ndili mnyamata wa sukulu. Kalaliki anafunsa dzina osadzutsa mutu, iwo anatchula motsitsa mawu ngati akuulula mlandu, iye analemba zimene anamva, kenaka anawagwira chala chachikulu, kuchinyika mu inki n'kuchidinda papepala. Ine ndinasuzumira. Panalembedwa Esnart. Pobwerera ndinawauza kuti alakwitsa, dzina lanu mulibe "r". Iwo anangopukuta chala pa tsamba la mtengo n'kunena kuti bola ndalama sanalakwitse. Pa khadi la mgonero panali Esnat. Pa khadi la chipani lija aliyense ankayenda nalo panali Esinati. Pa kabuku ka kuchipatala panali Esnath. Munthu mmodzi, mayina anayi, ndipo mwini wake sanaonepo kusiyana kwake. Choncho amene akunena pa gulu paja kuti tilembe "mmene ankalembera agogo" andiuze kuti pepala lake liti.

Gwero la dzinali, mmene ine ndikuonera, ndi Baibulo. Tsegulani Genesis mutu 41, mupeza Asenati, mwana wa Potifera wansembe wa ku Oni, amene Farao anam'pereka kwa Yosefe kuti akhale mkazi wake. Amatchulidwa katatu kokha, kawiri m'mutu umenewo ndi kamodzi m'mutu 46, ndipo palibe pamene akulankhula. Ife a ku Mvera tili ndi chifukwa chonyadira pamenepa. Mishoni inakhazikika kwathu mu 1889, ndipo ntchito yaikulu yomasulira Buku Lopatulika, imene ankatsogolera William Murray, inachitikira pa phiri la Kaso pomwepo, buku lonse n'kutuluka mu 1922. Agogo athu anali m'gulu la anthu oyamba kumva nkhani ya Yosefe m'chinenero chawo. Ndiye pamene ankafuna dzina la ubatizo la mwana wawo wamkazi, sanapite kutali. Za mmene "A" wa kumayambiriro anasandukira "E", ndili ndi ganizo langa. Kwathu "a" patsogolo pa dzina ndi ulemu. Mukati Asenati, khutu la Mchewa limamva "a Senati", ngati mukulemekeza munthu wotchedwa Senati, ndipo khanda silipatsidwa ulemu wotere. Pamenepo panali kale a Esitele, a Elise, a Enelesi, ndiye dzinali linangolowa mumzere wa anzake.

Nkhani ya Yosefe ndinkaidziwa kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinayamba kuimva bwino nditawoloka malire. Munthu anachoka kwawo osatsanzika, anakhala pakati pa anthu a chinenero china, anapatsidwa ngakhale dzina lachilendo, nakwatira mkazi wa komweko. Mwana woyamba atabadwa anamutcha Manase, kunena kuti Mulungu wamuiwalitsa mavuto ake ndi nyumba ya atate wake. Ine mawu amenewo sindiwakhulupirira kwenikweni, achemwali, abusa andikhululukire. Munthu amene waiwaladi kwawo satcha mwana dzina lonena za kwawoko. Ndipo abale ake atafika kudzagula tirigu, si yemweyo anathawira kuchipinda kukalira? Tsono taonani: mayi wa ana a Yosefe, mkazi wa m'dziko la eni amene anabereka ana a mlendo, ndiye Asenati. Mdzukulu wangayu ndi mwana wa mwana wa mlendo, wobadwa kwa mkazi wa dziko la eni. Dzinali lamupeza pamalo pake.

Muphwa wanga wa ku Lilongwe, mkulu wa mpingo uja, walemba kuti anawerenga kuti tanthauzo la dzinali ndi lachikunja. Sananame. Akatswiri ambiri amati ndi la Chiigupto ndipo limanena za munthu wa mulungu wamkazi wotchedwa Neith. Mumuuze kuti agogo ake analisenza dzinali moyo wawo wonse, analowa nalo m'kalasi, anabatizidwa nalo, anayimba nalo pa maliro a anthu osawerengeka, ndipo Neith sanabwere kudzawatenga. Dzina limatenga fungo la mwini wake.

Tsopano ndikuuzeni mmene maganizo agawikira.

Mpongozi akufuna Asenath, monga lilili m'Baibulo la Chingerezi. Ndi mwana wabwino, ndipo sanangolankhula, anafufuza. Makolo a amayi ake anachokera ku Ireland, ndiye anakondwa atapeza kuti kunali mayi wina wa ku America, Asenath Nicholson, amene anapita ku Ireland m'zaka za njala yaikulu ya m'ma 1840, nayenda m'midzi ya anthu osauka, kuphika ndi kugawa chakudya ku Dublin, pambuyo pake n'kulemba buku la zimene anaona. Akuti dzina limodzi ligwira mbali zonse ziwiri za mwana. Mfundo yake ndi yolemera, ndipo ndinamuuza choncho. Ndinamuuzanso za amayi, mmene m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ankaonjezera madzi m'phala kuti ana a anansi apezeko. Koma nditamupempha kuti alitchule, chimene chinatuluka sindinachizindikire. Mphamvu yonse amaiika kumayambiriro, pakati amameza, kumapeto n'kuluma lilime ndi mano monga amachitira Angerezi pa "th" wawo. Ndi dzina labwino ndithu, la munthu wina. Komanso mnyamata wanga, amene anaphunzira sukulu za kuno ndipo amadziwa nkhanza za ana, akuti zilembo zoyambirirazo zikumveka ngati mawu awo otchulira matako, ndipo mwana sadzapuma.

Esnath ndi limene ambiri a kwathu ophunzira akulikonda, poti likuoneka laulemu papepala. Vuto lake ndi "th" yemweyo. Kuno adzaluma lilime. Kwathu "th" ndi wa thobwa, thumba ndi nthawi, ndiye mwana wa sukulu akaliona adzawerenga Esinathi, ndi mpweya kumapeto, zimene amayi sanatchedwepo. Muphwa wanga wa ku Johannesburg walikonda Esinathi lomwelo, akuti kumeneko likumveka ngati Chizulu, poti "nathi" ndiye kuti "nafe", monga mwa a Nkosinathi. Ndamuyankha kuti akabereka wake adzatche, lidzamuthandiza pokwera minibasi. Uyu si Mzulu.

Esnart ndi limene ndinalipeza paliponse ku Zambia, ndipo kwathunso lilipo lambiri. "R" ameneyo si wathu ndipo satchulidwa. Anabwera ndi makalaliki ophunzitsidwa ndi Angerezi, amene akafuna kulemba "a" wokoka amaika "r" pambuyo pake chifukwa iwo eni samutchula. Anamva bwino kukoka kwa pa "na" kuja, ndiwayamikire pamenepo. Koma kuno, achemwali, mathero a dzina limenelo amagwirizana ndendende ndi mawu awo otanthauza kuphwisa. Ndinangolitchula kamodzi, mdzukulu wanga wamkulu, wa zaka za sukulu ya pulayimale, anagwa pansi ndi phwete. Nkhani ya Esnart inathera pomwepo. Esnat nalonso lili ndi tsoka lofanana, likuyandikira mawu awo a mamina. N'zachisoni, chifukwa ndilo lili pafupi kwambiri ndi Chiheberi, mmene dzinali limamveka Asnat kapena Osnat, ndipo ku Israel akazi otchedwa Osnat alipo mpaka lero. Amene analemba khadi la mgonero uja anayandikira gwero osadziwa.

Latsala ndi langa: E-s-i-n-a-t-i. Zilembo zisanu ndi ziwiri, palibe chogona, palibe chobisala. M'chinenero chathu phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, n'chifukwa chake sitinena "buk" koma buku, sitinena "Dorcas" koma Dolika. Pakamwa pa Mchewa "s" ndi "n" sizigundana popanda "i" pakati, ndipo "t" sangaime yekha kumapeto. Amene amalemba Esnath kapena Esnart akamalankhula amanena Esinati ndithu, kungoti cholembera chimachita manyazi ndi zimene pakamwa pakunena. Manyazi amenewo ndi a m'badwo wathu. Tinakwapulidwa kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa, ndiye tinaphunzira kudula mayina athu michira kuti aoneke ngati ochokera kutsidya kwa nyanja. Ngakhale pamene Chichewa chinakhala chinenero cha fuko mu 1968, ndi pamene Chichewa Board inatulutsa malamulo a kalembedwe m'ma 1970, mayina a anthu sanawakhudze. Tinakonza kalembedwe ka mawu ena onse, a ife eni tinawasiya mmene anawasiyira kalaliki.

Ndipo ndayesa, achemwali. Ndinalemba mayina onsewa papepala n'kupatsa namwino amene amabwera kudzandiyeza magazi, mzungu wa konkuno amene sanamvepo za Dowa. Pa Asenath anadodoma. Pa Esnath anafunsa ngati ndi la ku Wales. Atafika pa Esinati anawerenga kamodzi, bwinobwino, mpaka kukoka pa "na", n'kunena kuti likumveka ngati la ku Italy. Anthu a kuno akaona dzina lothera pa "i" amadziwiratu kuti ndi lachilendo ndipo amaliwerenga mosamala, lembo ndi lembo. Chimene chimawasokoneza ndi dzina lovala jekete la Chingerezi pamene mkati si Chingerezi.

Pali munthu wina amene anandilimbitsa mtima. Mudziwa kuti mumzinda uno muli amwenye ambiri amene anabadwira kwathu, amene anachoka m'ma 1970 atauzidwa kuti atseke masitolo a m'matauni ang'onoang'ono. Alipo mkulu wina amene ndimagula kwa iye ufa, nyemba ndi tsabola, wobadwira cha ku Dedza, ndipo Chichewa chake n'chokoma kuposa cha ana anga. Timakhala pa kauntala kukamba za mbatata ya kachewere ya kwawo ndi chambo cha ku Salima mpaka makasitomala kudandaula. Nditamuuza za mwana, anasiya sikelo n'kunena kuti, "Esinati! Ayi, ndiye mwaukitsa munthu. Amene anandilera ine pa sitolo ya abambo anali a Esinati." Anandiikira paketi ya mtedza yaulere, akuti ya mayi wa mwana. Ndinatuluka m'sitolomo maso ali ofiira, anthu n'kumaganiza kuti ndi mphepo.

Pali china chimene sindinakuuzenipo. Nditathawa usiku uja, anthu ena atandinenera zimene sindinanene, ndinadutsa ku Mchinji wapansi, kufika ku Chipata, kenaka ku Lusaka. Kulemba kalata ya papositi sikunkatheka. Makalata ankatsegulidwa, ndipo envelopu yochokera kwa munthu ngati ine ikanakuikani nonse m'mavuto. Ndiye ndinkapatsira madalaivala a malole, kapepala kopinda kanayi, kopanda dzina langa, kopanda dzina la abambo, kopanda mudzi. Pamwamba ndinkangolemba liwu limodzi, Esinati, ndipo dalaivala ankakasiya kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa siteji, amene ankadziwa kopita nako. Ndinasankha dzina limenelo chifukwa pamudzi panalibe amene akanaliganizira, onse ankadziwa anaPhiri. Kanali koyamba m'moyo wanga kutchula amayi dzina, ndipo dzanja linkanjenjemera ngati andimva. Ndinalilemba mmene limamvekera kuti aliyense wowawerengera asaphonye. Inu ndi amene munkawerenga timapepala timeneto, pansi pa nkhokwe, usiku. Kumbukirani zimene zinkalembedwa pamwamba.

Amayi anatisiya ndisanathe kubwera. Uthenga unandipeza kuno maliro ataikidwa kale, ndipo ndinalira ndekha m'chipinda cha lendi, woyandikana naye akugogoda khoma kuti ndichepetse phokoso. Referendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa ndi chikhululukiro cha othawa kwawo chitalengezedwa, ndinabwera, munandiperekeza kumanda, ndipo ndinapeza mmisiri atalemba Esnath pa simenti. Sindinanene kanthu, ndipo lero sindikupempha kuti musinthe. Inu ndi amene munasenza maliro amenewo, ine kunalibe. Pamanda palembedwe zimene munagwirizana. Ine ndikukamba za wamoyoyu.

Mudzafunsa, monga mumafunsira nthawi zonse, kuti nanga bwanji sindinabwerere kudzakhala pamene njira inatseguka. Ana anali pasukulu, mayi awo anali pantchito, ndinati chaka chamawa, chaka chamawa chinabala chinzake. Lero adokotala akuti mtima wangawu sungapirire ulendo wautali wa pandege. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, amatero akuluakulu, ndipo ine mwambi umenewu umandilasa tsiku lililonse. Ndine mwinimbumba wa pa foni. Pa maukwati a ana anu unkhoswe ndinachita ndi mawu okha, milandu ya minda mumaweruza popanda ine, ndipo adzukulu anu amandidziwa ngati agogo a pa chithunzi amene amatumiza ndalama ya feteleza.

Ndiponso ndikudziwa mwambo wathu. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Mwanayu si wa mbumba yathu, sadzalowa ufumu, sadzagawiridwa munda kudambo. Kwawo, tikatsata mwambo, ndi kwa amayi ake, ku England ndi ku Ireland. Chimene mbali ya abambo imapereka ndi dzina, ndipo ine ndilibe china chomusiyira. Nyumba ino ndi ya khonsolo. Mabuku anga sadzawawerenga. Chichewa mwina adzadziwa "zikomo" ndi "muli bwanji" basi, monga anzake obadwira kuno. Koma tsiku lina, ine kulibe, akhoza kudzatsika basi pa Mvera ndi chikwama kumsana, poti Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018 ndipo ana a kunja ayamba kubwera kudzafuna kwawo. Akadzafunsidwa dzina, ndikufuna chimene chili pa pasipoti yake ndi chimene chidzatuluke pakamwa pake chidzakhale chimodzi, choti nkhalamba ya pamudzi idzangomva n'kunena kuti, uyu ndi wa kwa anaPhiri, mulowetseni m'nyumba.

Mnyamata wanga ali ndi nkhawa yake, ndipo sindiipeputsa. Iye anakula ndi dzina la Chichewa m'sukulu za kuno, anatopa ndi kulitchula lembo ndi lembo pa foni, ndipo amakhulupirira kuti makalata ena ofunsira ntchito sanayankhidwe chifukwa cha dzinalo. Akuganiza zoti Esinati likhale lapakati, kutsogolo kukhale lina losavuta. Ndamuuza kuti dzina lapakati kuno ndi manda a mayina: limalembedwa tsiku lobadwa, limawerengedwa tsiku la ukwati, kenaka pa maliro. Ndamuuzanso kuti mzinda uno wadzaza a Priya, a Zainab, a Chiamaka ndi a Agnieszka, madokotala ndi maloya, ndipo palibe amene anafa ndi kutchula dzina lake kawiri. Akafuna kulifupikitsa kusukulu adzati Esi kapena Nati, zonse n'zabwino. Komabe mwana ndi wawo, ndipo amene akalowe mu ofesi ya kalembera ndi iwo awiri. Ine ndanena mbali yanga. Mawu amene angawagwedeze tsopano ndi anu, chifukwa mnyamatayu amakuopani kuposa mmene amandiopera ine, ndipo mpongozi amati azakhali akanena ndiye kuti mudzi wanena.

Ndiye ndikupempha zinthu izi. Mdzukulu wanu akujambuleni mawu pa foni mukutchula dzina la amayi. Ndikudziwa kuti pakamwa padzalemera, simunalitchulepo chibadwire, koma amayi sangakwiye poti mukuitana mdzukulu wawo. Mulitchule katatu, mokoka, monga ankachitira mnzawo wa kutsidya kwa dambo, kuti mpongozi amve nyimbo yake. Kenaka mupite kwa alembi a mpingo mukapemphe kuti akuonetseni buku lakale la ubatizo ngati chiswe chinalisiya, mujambule tsamba limene pali amayi. Zimene palembedwa sizisintha maganizo anga, koma ndikufuna mwanayu adzakhale nacho chithunzicho.

Ndatumiza kandalama kudzera kwa muphwa wanga wa ku Lilongwe. Wotcha dzina sapita chimanjamanja, ndipo poti mwana ali kuno, mphatso yake idyedwe kwanuko. Mugule nkhuku yachikuda yaikazi, yoti iswe, ikhale ya Esinati, ana ake muziwawerengera iyeyo. Ina muphe, muitane amayi achikulire amene anawadziwa amayi, muphike ndi nsima ya ufa woyera, muwauze kuti dzina lija labwerera. Yotsala mugulire alamu mankhwala. Mnyamata amene wanyamula kalatayi abwerera kuno Khirisimasi isanafike, ndiye mumupatsire ufa pang'ono wa m'nkhokwe mwanu ndi mfutso wa nkhwani, amange bwino m'pepala la pulasitiki. Mwana akadzayamba kudya, phala lake loyamba ndikufuna lidzakhale la chimanga cha ku Mvera.

Koma mawuwo musadikire mnyamatayo. Tumizani sabata ino, tsiku lokalembetsa layandikira.

Moni kwa alamu, kwa amfumu, ndi kwa onse amene akundikumbukirabe.

Ine mlongo wanu.